"Tio" Ameneyu Ndani?

Sabata yatha kwathu ku Furancungo ndinapeza chithunzi m'sutikesi ya malemu amayi. Anathawa nacho ku Dedza nthawi ya nkhondo, n'kubwerera nacho nkhondoyo itatha mu 1992. Kuseri kwake kunalembedwa liwu limodzi la Chipwitikizi: "tio". Koma tio wake uti? Atsibweni kapena bambo aang'ono?

Ndinapita nacho kwa amayi aakulu. Anachiyang'anitsitsa, misozi ili lengelenge. "Awa ndi alongo athu, atsibweni ako, eni mbumba. Kunkhondo sanabwereko."

Liwu limodzi lija linandibisira mutu wa banja lathu.

Makolo ndi aphunzitsi anzanga, tulutsani zithunzi akuluakulu akadali moyo. Kuseri kwake lembani dzina, mfunda ndi ubale m'Chinyanja.