Zomwe ndaphunzira posunga chuma cha kalabu ya alimi

Ngongole yobweza mwezi ndi mwezi anapangira anthu apantchito. Ife ndalama timaigwira tikakolola, kuyambira Meyi mpaka Julayi. Wokongoza akafika mu Febuluwale, nkhokwe ili mbee, mlimi amagulitsa mbuzi kapena kuthamangira katapila. Choncho ndisanafunse za chiwongoladzanja, ndimayamba ndafunsa mwezi woyambira kubweza.

Chachiwiri ndi chikole. Munda wa makolo ulibe pepala loti banki n'kulandira. Lamulo la malo la 2016 linatsegula njira yolembetsera minda yotere, koma m'midzi yambiri mboni ndi amfumu basi. N'chifukwa chake timakongola pagulu, wina kuimira mnzake. Zimathandiza, koma zimadanitsa. Ndaonapo pachibale atasiya kulonjerana chifukwa cha matumba awiri a feteleza.

Banki mkhonde si yoipeputsa. Bokosi lake la maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu, limakongoza tsiku lomwelo popanda fomu. Kufooka kwake kumaoneka pa chilala ngati cha 2024: aliyense afuna kukongola, woponya sheya palibe.

Masiku ano kwabwera ngongole zomwe akuti n'zosamalira chilengedwe. Izi ndimazisiyanitsa. Pampu ya sola ndimaivomera, chifukwa imadzilipira yokha: uthirira dimba m'chilimwe, tomato ndi chimanga chachiwisi n'kupita kumsika pomwe ena alibe chogulitsa, mafuta osagula. Mitengo ya nsangu ndi gilisidiya imabwezeretsadi chonde, koma phindu lake limaoneka patapita zaka. Kuikongolera ndalama yobweza chaka chomwecho n'kudzimangirira. Mbande zizibwera ngati thandizo.

Inshuwalansi ya nyengo imalipira poona mvula yomwe yagwa m'dera lonse, siyang'ana munda wako. Chimanga chako chitha kupserera iwe osalandira kanthu. Alangizi azinena zimenezi poyera anthu asanalembetse.

Ndalama yongokhala m'bokosi imatha mphamvu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, omwe ankadikira mvula kuti agule feteleza anapeza mtengo wasintha. Pano tikangogawana ndalama za m'bokosi timagula zipangizo zaulimi.

Airtel Money ndi Mpamba zatichepetsera maulendo a kuboma, ngakhale kutapa kuli ndi mtengo wake, ndipo pena ejenti amati ndalama zamuthera. Chondidetsa nkhawa ndi agogo omwe amapereka foni kwa mdzukulu n'kumuuzanso nambala yachinsinsi. Kukalabu kwathu aliyense timamuphunzitsa kudina yekha, ngakhale zitenge misonkhano ingapo.