Ichi Chakoma, Ichi Chakoma: Vinyo ndi Chakudya pa Chilumba cha Boracay



Mwambi wathu wa lero mumaudziwa kuyambira ku pulayimale: "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Pusi ali mu mtengo wa zipatso. Wagwira chipatso ndi dzanja limodzi, waona china chakupsa kwambiri nachigwira ndi dzanja linalo, ndipo poona chachitatu watambasula mwendo, kuiwala kuti nthambi imene yamunyamula imafunanso kugwiridwa. Ana ambiri amamasulira mwambiwu ngati kuti makolo ankadana ndi zokoma. Makolo ankazikonda zokoma, n'chifukwa chake anaupeka, pofuna kuti munthu adye chipatsocho natsika mu mtengo ndi msana wake wamphumphu. Tsono nthambi imene munthu ayenera kugwira pamene akudya ndi kumwa ndi iti? Ndikuyankhani ndi zimene ndinaona kutali, ku dziko la Philippines.

Mu Febuluwale chaka cha 2023 ndinayenda ulendo wautali kuposa maulendo onse a moyo wanga. Mdzukulu wanga wamkulu, amene amagwira ntchito ya unamwino ku Britain, anapeza mbeta pakati pa anamwino anzake, mwana wa m'chigawo cha Aklan, ndipo akuchikazi anati ukwati sungakome popanda agogo a mkwati. Mwambo utatha m'tauni ya Kalibo, asewere anga anatitenga kuti tikapume masiku anayi pa Boracay. Dziko lawo lili ndi zilumba 7,641, ndipo Boracay ndi kachilumba kakang'ono kogundana ndi nsonga ya chilumba chachikulu cha Panay. M'litali mwake ndi makilomita 7, ndipo pakati pake n'popyapyala moti munthu wapansi amachoka gombe lina kufika lina thukuta lisanamutuluke. Kumeneko amapitako pa boti kuchokera pa doko la Caticlan, ulendo wa mphindi ngati 15. Gombe lake lotchuka, White Beach, ndi la makilomita 4, la mchenga woyera ndi wosalala ngati ufa woyanika pa mphasa. Gombelo linayang'ana kumadzulo, choncho nthawi ya mgonero dzuwa limalowa m'nyanja pamaso pa odya, mabwato a matanga otchedwa paraw akudutsa patsogolo pake.

Liwu loyamba limene ndinaphunzira kumeneko ndi paluto, kutanthauza kuphikitsa. Wofuna kudya nsomba amayamba wapita ku msika, nasankha yekha nsomba, nkhanu ndi tinyama tina ta m'zigoba, nanenerera mtengo wake pa kilogalamu. Akatero amanyamula jumbo yake kupita ku malo odyera oyandikana nawo, kumene amalipira za kuphika zokha. Asewere anga aakazi ankatsegula makha a nsomba ndi chala n'kuiyang'ana m'maso monga amachitira amayi a ku Nkhotakota pogula chambo, ndipo wogulitsa anazindikira msanga kuti awa si alendo oti n'kuwakwezera mtengo.

Patapita kanthawi mbale zinayamba kufika, zonse n'kuikidwa pakati pa tebulo kuti aliyense atapepo. Panali kinilaw, nsomba yaiwisi yoduladula imene amainyika mu viniga pamodzi ndi jinja, anyezi ndi tsabola mpaka mnofu wake utayera ngati wophika. Panali sinigang, msuzi wowawasa ndi bwemba, ndi nsomba yootcha pa makala, ndi nkhanu zokazinga mu batala ndi adyo. Aliyense anali ndi kambale kake kosakaniziramo msuzi wa soya, tsabola ndi madzi a kandimu kakang'ono kotchedwa calamansi. Nsima yawo ndi mpunga, ndipo munthu amene sanadye mpunga amati sanadye. Nkhanu zitafika, mafoloko ndi masipuni zinakankhidwira pambali, tonse n'kusamba m'manja. Kudya ndi manja amakutcha kamayan, ndipo pamenepo ine ndinali ngati ndili kwathu.

Ulemu wa kwa akulu unandikhudza mtima. Ana a m'banjamo ankatenga dzanja langa n'kuligunditsa pa mphumi pawo, mwambo umene amautcha mano, ndipo ankanditchula kuti Lolo, ndiye kuti agogo aamuna. Polankhula ndi wamkulu amawonjezera kaliwu kakuti po, monga ife timanenera "inu" ndi "a". Ulemuwu unalowa mpaka m'malamulo: nzika ya zaka 60 kapena kuposerapo imachotseredwa magawo 20 pa 100 alionse a mtengo wa chakudya chake m'malo odyera. Asewere anga anatulutsa kakhadi kawo monyadira, ine mlendo ndinangoyamikira. Lamulo lina la mu 2019 limati ndalama yonse imene malo odyera amawonjezera pa bilu ngati ya operekera zakudya izipita kwa antchitowo, mwini malo asagwirepo.

Usiku wachiwiri mdzukulu wanga anatitengera ku malo odyera a pa hotela, kumene kunali vinyo wa mphesa. Mphesa za vinyo sizikonda dziko lotentha ndi lachinyontho ngati limenelo, choncho mabotolo amene anali pa mndandanda anali ochokera ku France, Italy, Spain, Chile ndi Australia, ndipo mtengo wake unali wa chinthu choti chawoloka nyanja. Woperekera anabwera ndi botolo la vinyo woyera m'kachidebe ka madzi oundana, naonetsa mdzukulu wanga chizindikiro chake, namutsanulira pang'ono kuti alawe ife tisanapatsidwe. Ndinamwetulira, pakuti kwathu mwini mowa ndiye amayamba kumwa pamaso pa alendo kuti onse amwe mtima uli m'malo. Vinyoyo anali wozizira, wonunkhira zipatso, ndipo kuwawasa kwake kunkatsuka mafuta a nsomba m'kamwa moti nthongo iliyonse inkakoma ngati yoyamba. Ngakhale vinyo wofiira amamuziziritsa pang'ono kumeneko, chifukwa akatenthedwa ndi mpweya wa pa gombe amakhakhala pa mmero. Botolo la mamililita 750 limadzaza matambula asanu. Ife tinalipo asanu ndi mmodzi, ndipo mabotolo awiri anatikwanira kwa maola atatu, popeza nkhani zinali zambiri kuposa zakumwa.

Vinyo wa eni dziko ndinamulawa tsiku lomaliza, titawolokeranso ku Panay, kumudzi kwa mchimwene wa asewere anga. Dzina lake ndi tuba, ndipo amachokera ku mtengo wa kokonati. Wokolola amakwera mtengowo poponda m'timipata tosemedwa pa thunthu, ali ndi kampeni kokhota m'chiuno ndi nsungwi ya mphako pa phewa. Pamwambapo amasenga nsonga ya duwa limene lisanamasule, madzi ake n'kumadonthera mu nsungwi, ndipo amabwererako m'mawa ndi madzulo tsiku ndi tsiku. Madziwo akangotsika amakhala otsekemera, pakapita maola ochepa awira n'kukhala mowa, ndipo akagonera masiku angapo asanduka viniga yemwe uja amanyikamo kinilaw. Ena amathiramo khungwa la mtengo wa m'matope a m'mbali mwa nyanja, limene limamufiiritsa n'kumuchedwetsa kusasa. Wa ku Chigwa cha Shire amene anamwapo uchema wa mgwalangwa akhoza kumuzindikira ndi fungo lokha. Chakumwachi n'chakale kwambiri. Antonio Pigafetta, mlembi wa pa ulendo wa Ferdinand Magellan, anachipeza kumeneko mu 1521 n'kulemba za kapangidwe kake. Pakati pa 1565 ndi 1815 zombo zinkayenda pakati pa Philippines ndi Mexico, ndipo Afilipino amene anakwera zombozo anapita nalo lusoli, moti mpaka lero ku Colima m'dziko la Mexico amagulitsa chakumwa cha dzina lomweli.

Kamwedwe kake ndiko kandichititsa kulemba nkhaniyi. Tinakhala mozungulira tebulo la nsungwi pansi pa mtengo, anthu ngati khumi, koma tambula inali imodzi yokha. Mwambowu amautcha tagay, ndipo wotsanulira amamutcha tanggero. Iyeyu anayamba wathira pang'ono pansi, gawo la mizimu, monga makolo athu ankathirira nsembe. Kenaka anatsanulira ine monga wamkulu ndi mlendo, nditamwa ndinamubwezera tambula, iye n'kutsanulira wotsatira muyeso womwewo, mpaka bwalo lonse litakwana. Pakati pa tebulo panali mbale ya pulutan, ndiye kuti zotolatola zodyera pa mowa: mtedza wokazinga, tinsomba touma ndi nyama ya nkhumba yootcha. Kumwa popanda pulutan amakuona ngati chinthu chosalongosoka. Wodutsa pa njira ankamuitana kuti adzalawe, monga mwa chizolowezi chawo chakuti munthu sadya mnzake akuyang'ana.

Inu amene munakulira m'tauni mwina simunaonepo chipanda chikuyenda m'manja pa mowa wa masese, koma nzeru yake ndi yomweyi. Chikho chikakhala chimodzi, munthu amadikira nthawi yake, ndipo podikirapo amadya, amamvetsera, mowa n'kumatsika pang'onopang'ono. Aliyense amaona muyeso wa mnzake. Wotsanulira amayang'ana nkhope, ndipo akaona kuti wina maso ayamba kulemera amamuchepetsera mwakachetechete osamuchititsa manyazi. Tambula itandifika kachitatu ndinangoikhudza n'kunena zikomo, mphwake wa asewere anga n'kumwa m'malo mwanga, nkhani n'kumapitirira. Wolemera ndi wosauka anamwera pamodzimodzi, pakuti mphunzitsi wa sekondale ndi wokwera mitengo ya kokonati anagwiritsa ntchito tambula yomweyo.

Asewere anga sanandibisire mbali ina ya mwambowu. Anati tagay ikagwera m'manja mwa anyamata opikisana imasanduka msampha, pakuti wokana amasekedwa ndipo wotsanulira amadzaza dala. Anandikumbutsanso za lambanog, amene ndi tuba wotcheza ngati kachasu, waukali wofika magawo 40 pa 100. Mu Disembala 2019, nyengo ya maphwando a Khirisimasi, anthu oposa khumi anamwalira m'zigawo za Laguna ndi Quezon ndipo mazana anagonekedwa m'zipatala atamwa lambanog wokhala ndi methanol, poizoni amene amachititsa khungu n'kupha. Safunsa anadya phula. Mowa wa pamudzi paja tinaumwa mosaopa chifukwa tinaona mtengo wake, tinagwirana chanza ndi woukolola, ndipo iye anamwa nafe.

Chilumba chenichenicho chinagwapo chagada. Mu 2017 Boracay inalandira alendo pafupifupi 2 miliyoni pa malo a masikweya kilomita 10 okha. Mahotela ndi malo omwera zinamangidwa mothinana mpaka pa mchenga, ndipo ena mwa eni ake, pothamangira phindu, ankatayira zonyansa za m'zimbudzi m'nyanja momwe alendo awo ankasambira. Mu Febuluwale 2018 mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, Rodrigo Duterte, anatcha chilumbachi dzenje la zonyansa, ndipo pa 26 Epulo boma linachitseka kwa miyezi isanu ndi umodzi. Antchito zikwi zambiri, ophika, operekera zakudya ndi oyendetsa mabwato, anakhala opanda malipiro. Nyumba zimene zinali mkati mwa mamita 30 kuchokera pa madzi zinagwetsedwa. Pomatsegulanso pa 26 Okutobala 2018, boma linaletsa kumwa mowa ndi kusuta pa mchenga, n'kuika malire a alendo pafupifupi 19,000 pa nthawi imodzi. N'chifukwa chake ife tinadyera kuseri kwa mzere wa mitengo ya kokonati, gombe lili mbee patsogolo pathu.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mame a alendo 2 miliyoni ndi chigumula, ndipo amene amatsala m'matope ndi eni malo. Eni chilumbachi oyambirira ndi mtundu wa Ati, anthu akhungu lakuda ndi tsitsi lopotana ngati lathu. Mu 2011 boma linawapatsa chikalata cha malo a mahekitala 2.1 okha pa chilumba chonse cha makolo awo, ndipo mu 2013 mnyamata amene ankawayankhulira pa nkhani ya malowo anaphedwa ndi mfuti. Wodya nkhanu pa gombe limenelo ayenera kudziwa kuti wakhala pa bwalo la yani.

Tsono adzukulu anga, ambiri a inu mudzayenda kutali kuposa ine, ndipo mudzakhala pa matebulo amene agogo anu sanawalotepo. Idyani, lawani za eni dziko, musachite manyazi kufunsa dzina la chimene chili m'mbale. Nthambi yoti mugwire ndi mwambo wa pa chikho: dziwani kumene chakumwa chachokera, musamwe m'mimba muli zii, musamwe muli nokha, lolani kuti wina wokukondani aziona muyeso wanu, ndipo mukakwana nenani zikomo mosaopa kusekedwa. Lemekezani amene wakuphikirani, ndipo malo a eni muwasiye monga munawapezera.

Ntchito yanu ya kunyumba nayi: funsani akuluakulu a kwanu kuti pa mowa wa pamudzi ankayamba kumwa ndani, ankatsiriza ndani, ndipo masese a pansi pa mtsuko anali a yani. Zimene mupeze mudzandiuze tikakumana.

Tsalani bwino.

Ndine wanu,
Agogo