Nkhope ya agogo pakhoma la njereza

Mawu oti kujambula amasenza katundu wambiri m'Chichewa. Mwana wolemba nyumba pansi ndi khala akujambula. Woimba akalowa mu situdiyo akukajambula nyimbo. Dokotala akafuna kuona fupa lothyoka amati kajambulitseni. Munthu wonyamula kamera paukwati nayenso akujambula, ndipo chimene amatulutsa timachitcha chithunzi, mawu apachibale ndi mthunzi ndiponso chithunzithunzi, chija chimatitsata pansi dzuwa likapendeka. Azungu anatenga dzina la lusoli ku Chigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi kulemba ndi kuwala. Ntchito yanga ndi yomasulira mabuku ndi zikalata, choncho kusiyana kotereku sikundidutsa. Nditayamba kuphunzira kamera ndili ndi zaka 34, ndinapeza kuti mayina awiriwa onse akunena zoona, pakuti wojambula amagamula zinthu ziwiri nthawi imodzi: pamene kuwala kufike ndi pamene mthunzi utsale.

Amene anandichititsa kugula kamera ndi agogo anga, mayi awo a mayi anga, amene amakhala kumudzi ku Dedza. Chaka chimene anabadwa sichinalembedwe, koma njala ya 1949 inawapeza atayamba kale kusenza kamtsuko. M'masaya mwawo muli mphini, timizere titatu uku, titatu uku, zimene anatemedwa ali namwali. Atsikana a lero satemanso mphini zotero, ndipo m'mudzi mwathu atsala nazo ndi iwo okha. Tsiku lina ndinasonkhanitsa zithunzi zawo zonse: cha pa chitupa cha unzika, za paukwati wa amalume, ndi zambirimbiri za m'mafoni athu. Palibe ngakhale chimodzi chimene mphinizo zinkaoneka. Pa zithunzi zambiri agogo aima kutsogolo kwa khoma la njereza atavala bulauzi yoyera ya kumvano. Khoma likuoneka bwino mpaka ming'alu yake, bulauzi ikuoneka mpaka mabatani, koma nkhope ndi chigamba chakuda chokhala ndi maso awiri. Akadzapita, ana anga adzakhala ndi chithunzi cha khoma.

Kamerayo ndinagula yogwirapo kale ntchito, kwa bambo wina wojambula maukwati ku Lilongwe, pamodzi ndi lenzi imodzi ya mamilimita 50. Pondipatsira anazunguza kagudumu ka pamwamba n'kunena kuti, "Achemwali, mukakasiya pa Auto apa, ndiye kuti mwangogula foni yolemera." Phunziro lawo linali lomwelo. Zina zonse ndinaziphunzira powerenga ndi poyeserera madzulo ndikaweruka.

Choyamba kumvetsa chinali chakuti kamera ndi chipinda chamdima chokhala ndi bowo limodzi. Dzina lake lenilenilo likuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza chipinda. Aliyense amene anagonapo masana m'nyumba ya malata akale anakhalapo m'kati mwa kamera. Mabowo a misomali sakhala obulungira bwino, koma timadontho ta dzuwa timene timagwa pansi timakhala tobulungira tonse, chifukwa kadontho kalikonse ndi chithunzi cha dzuwa lenilenilo. Pa kadamsana wa pa 21 June 2001, uja anadetsa Lusaka dzuwa likanali m'mwamba, timadontho totere tinasanduka ngati mwezi wongokhala kumene. Ibn al-Haytham, amene analemba za kuwala ku Cairo zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, anafotokoza chifukwa chake: kuwala kumayenda mowongoka, ndipo kukadutsa pa kabowo kamajambula za kunja chadodolido pakhoma la m'kati. Chimene chinavuta kwa zaka mazana ambiri chinali kugwira chithunzicho kuti chisathawe. Cha m'ma 1826, Nicéphore Niépce wa ku France anapaka phula pa chitsulo, nachiika m'bokosi pawindo kwa maola ochuluka, ndipo madenga a nyumba za pabwalo pake anatsalira pa chitsulocho. Pamene panali chitsulo panadzabwera filimu, ndipo lero pali sensa. Chipinda chamdima chija sichinasinthe.

Wophunzira amapatsidwa zinthu zitatu zoti aziwongolera. Ine ndinazimvetsa poganiza za kutunga madzi pampopi. Ndowa iyenera kudzaza ndendende, osaperewera, osasefukira. Ukhoza kutsegula mpopi kwambiri kwa kanthawi kochepa, kapena kuutsegula pang'ono n'kudikira.

Kukula kwa mpopi ndi bowo la mu lenzi, limene ojambula amalitcha aperture. Manambala ake amasokoneza poyamba, chifukwa f/2 ndi bowo lalikulu pamene f/16 ndi laling'ono. Chinsinsi chake n'chakuti nambalayo ndi yogawira, monga momwe mkate umachepera anthu ogawana akachuluka. Pa lenzi yanga ya mamilimita 50, f/2 ndi bowo la mamilimita 25, ndipo f/16 ndi la mamilimita atatu okha. Manambalawa amatsatana motere: 2, 2.8, 4, 5.6, 8, 11, 16, ndipo ukasuntha kamodzi kupita kutsogolo, kuwala kolowa kumatsika ndi theka. Bowoli lili ndi ntchito inanso. Likakula, munthu amene wamulunjika yekha ndi amene amaoneka bwino, za kumbuyo kwake zimasungunuka. Likachepa, zonse zimaoneka, kuyambira mbuzi ya pafupi mpaka phiri.

Nthawi imene mpopi wakhala wotsegula ndi ntchito ya kachitseko kotchedwa shutter, kamene kamatseguka kwa kagawo ka sekondi: 1/30, 1/60, 1/125, mpaka 1/1000 ndi kupitirira. Ndinayeserera pa msuweni wanga akupeta mphale. Pa 1/1000 gaga anaima m'malere kanjere ndi kanjere, ngati wina wamupachika ndi ulusi. Pa 1/30 lichero ndi manja zinasanduka utsi, koma chithunzicho chinali ndi moyo wa ntchito imene inkagwiridwa. Zonse ziwiri zinali zoona, ndipo kamera siinandiuze kuti choona choposa n'chiti.

Chachitatu ndi ISO. Iyi imafanana ndi kukweza wailesi pamene siteshoni ikumveka patali: mawu amakwera, koma phokoso la mphepo limakwera nawo. Pa ISO 100 chithunzi chimatuluka chosalala. Pa 3200, m'nyumba ya nyali ya koloboyi, chimatuluka ndithu, koma chodzaza timadontho ngati mchenga. Zitatuzi zimasinthanitsana. Ukachepetsa bowo kuchoka pa f/4 kufika pa f/5.6, uyenera kuwirikiza nthawi kuchoka pa 1/250 kufika pa 1/125, ndipo ndowa idzadzaza chimodzimodzi. Ojambula akale, amene analibe chowayezera kuwala, ankasunga lamulo limodzi pamtima: dzuwa likamaswa mtengo, ika f/16, ndipo pa ISO 100 nthawi ikhale pafupi ndi 1/100.

Zonsezi zinali masamu, ndipo masamu amagonja ukawakakamira. Funso la nkhope ya agogo linayankhidwa ndi chinthu china. M'kamera muli kachipangizo koyeza kuwala, ndipo sikadziwa chimene kakuyang'ana. Kamasonkhanitsa zowala ndi zakuda zonse za pamalopo n'kuyesetsa kuti zikaphatikizana zikhale zotuwa ngati phulusa, mtundu wobweza pafupifupi magawo 18 pa 100 alionse a kuwala. Kakaona khoma la njereza ndi bulauzi yoyera, kamati pano kwawala mopitirira, n'kuchepetsa. Khoma limatsika kufika pooneka bwino, ndipo nkhope yakuda imatsika nalo kulowa mu mdima. Mankhwala ake ndi kabatani kolembedwa + ndi −. Ukawonjezera 1 kapena 2, nkhope imatuluka, khoma limayera mbee n'kutaya ming'alu yake. Diso la munthu limaona ziwirizi nthawi imodzi, koma kamera siitha. Wina ayenera kusankha.

Kusankha kotereku ndimakudziwa kuntchito. Mwambi ukamachoka m'Chichewa kulowa m'chinenero china, sutenga katundu wake yense. Ukasunga tanthauzo, kukoma kwa mawu kumatsala. Ukasunga kukoma, tanthauzo limapendekeka. Womasulira wabwino amadziwa chimene wasiya ndi chifukwa chake. Kusiya kamera pa Auto kuli ngati kupereka mwambi kwa makina omasulira: chigamulo chimapangidwa ndithu, koma wochipanga ndi munthu wina wakutali amene sanawaonepo agogo.

Munthu wakutaliyo ali ndi mbiri yake. Kuyambira m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi loyesera mitundu, lokhala ndi chithunzi cha mkazi wachizungu. Makhadiwa anadziwika ndi dzina loti Shirley. Makina akatulutsa bwino khungu la mkaziyo, ndiye kuti ali bwino. Lorna Roth, wofufuza wa ku Canada, analemba mu 2009 kuti ena mwa amene anakankha kampaniyo kuti ikonze filimu yake anali opanga chokoleti ndi mipando yamatabwa, podandaula kuti katundu wawo wofiirira sankasiyanitsika pa zithunzi zotsatsira malonda. Komatu kumene boma linkafuna kuwerenga anthu akuda, kamera inkawaona. Mu 1970, Caroline Hunter ndi Ken Williams, antchito akuda a kampani ya Polaroid ku America, anatulukira kuti zipangizo za kampani yawo zinkajambula zithunzi za mapasi a tsankho ku South Africa. Anayambitsa ndewu imene inathera pa kuchoka kwa kampaniyo m'dzikomo mu 1977. Masensa a lero ndi abwino kuposa filimu ya nthawi imeneyo. Komabe mbiriyi inandiphunzitsa kuti pamene makina amati pakatikati, pali dzanja la munthu limene linaikapo.

Nditadziwa mabatani, ndinayamba kuyang'ana dzuwa la kwathu ngati mlendo. La masana limagwa kuchokera pamutu, limaika mdima m'maso ndi pansi pa mphuno, ndipo pachipumi pamanyezimira. Pansi pa mtengo wa mango nkhope imatuluka yamawangamawanga. Tsiku la mitambo ndi mwamvumbi, limene tonse timadana nalo, ndi limene limakomera khungu, chifukwa kuwala kumabwera kofewa kuchokera mbali zonse. Koma mphini zimafuna zina. Chinthu chotukuka pang'ono pakhungu chimaoneka pokhapokha kuwala kukachimenya cham'mbali, kuti mzere uliwonse ukhale ndi kamthunzi kake. Zithunzi zonse zija zinajambulidwa ndi fulashi yochokera kutsogolo kapena dzuwa la pamutu, n'chifukwa chake masaya a agogo ankaoneka osalala. Malo oyenera anali pakhonde, cha m'ma 4 koloko, dzuwa likulowera kumapeto kwa khonde, wina ataimika thumba loyera la ufa mbali inayo kuti libweze kuwala pang'ono.

Panatsala chinthu chimene mabuku a kamera amachidumpha. Nditapita kumudzi m'mwezi wa Julaye ndi kuwauza chimene ndadzera, agogo anaseka. "Iwe mkazi mnzanga, ukufuna undijambule ndili chonchi, kuti anthu a m'tauni azindiseka? Dikira." Ine ndinkafuna agogo a masiku onse, a chitenje chofwifwa ndi manja a mwaye. Iwo ankafuna kusamba, kudzola, kuvala duku latsopano ndi kukhala pampando, osati pamkeka. Ndinakumbukira chithunzi chodziwika cha John Chilembwe ali ndi mkazi wake Ida ndi mwana wawo, atavala mwaulemu wonse, pa nthawi imene azungu ankakonda kujambula anthu akuda ngati zodabwitsa za m'tchire. Ndinakumbukiranso Seydou Keïta, amene anatsegula situdiyo ku Bamako mu 1948, kumene anthu ankabwera atavala zovala zawo zapamtima n'kujambulidwa monga iwo ankafunira kukumbukiridwa. Wojambulidwa naye ali ndi mawu pa chithunzi chake. Ndinadikira ola lathunthu, ndikuyang'ana dzuwa likutsika ndi mtima uli m'mwamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anatuluka nthawi ikanalipo. Ndinaika f/2.8, 1/250, ISO 200, ndi kuyeza kuwala pa tsaya lawo, osati pakhoma. Ndinalunjika diso lawo la kufupi ndi ine. Mdzukulu wina anagwira thumba la ufa, akuseka. Ndinajambula zithunzi 40, ndipo pa zitatu mphini zonse zisanu ndi imodzi zinaoneka, uliwonse ndi kamthunzi kake. Khoma linapsa, linangokhala chinthu choyera chopanda mawonekedwe, ndipo sindinalilire.

Chimodzi ndinakachitsukitsa papepala lalikulu, chifukwa zithunzi za m'foni zimapita ndi foni ikabedwa kapena ikagwa m'madzi. Nditabwera nacho pa Khirisimasi, agogo anachigwira patali, kenako pafupi, n'kuyendetsa chala pa timizere tija. "Awa si ine, awa ndi amayi anga," anatero. Atakhala chete pang'ono, anayamba kufotokoza za mayi amene anawatema mphinizo, mpeni umene anagwiritsa ntchito, makala amene anapakamo, ndi anzawo anayi amene anatemedwa nawo tsiku lomwelo, onse anapita kale. Mayi anga, amene ali ndi zaka 60, anali asanaimvepo nkhaniyi. Ndinaika kamera pansi ndi kutenga cholembera.