Kutsina mafuta n'kwa amene anaphunzira

Masiku ano ogulitsa tiyi wochepetsa thupi ena mu Lilongwe muno ali ndi sikelo yoyezera mafuta. Amaiika pakhomo pa shopu, munthu n'kuvula nsapato n'kupondapo, nambala n'kutuluka: 38 peresenti. Mankhwala ake? Paketi imene ili pashelefu pompo. Kuyeza n'kwaulere, ndiye makasitomala akabwera kwa ine ku jimu n'kumva mtengo amayamba kunenerera: "Aa, achimwene, kungotsina khungu basi ndalama zonsezo?"

Sikelo zimenezo mafuta sizimawaona. Zimadutsitsa kamphamvu kochepa ka magetsi kudzera m'mapazi. Madzi amene ali m'minofu amalola magetsiwo kudutsa, mafuta amawatchinga, kenako makinawo amangoyerekeza. Mukayezetsa mutatuluka thukuta, mutangodya nsima kapena mutamwa madzi ambiri, nambala imasintha tsiku lomwelo ngakhale mafuta anu ali momwemo.

Ine chida changa ndi kalipa ya Harpenden, yachitsulo, yopangidwa ku England, yokhala ndi kawotchi kowerengera mamilimita. Ubwino wake uli pa sipuling'i: kaya mwaikanula pang'ono kaya kwambiri, imafinya khungu ndi mphamvu yofanana, magalamu 10 pa sikweya milimita iliyonse. Zapulasitiki zotchipa zija sipuling'i yake imafooka, ndipo mwini wake sazindikira. Yangayi siibwerekedwa, ngakhale kwa mnzanga wa pa jimu pomwepo.

Amene anandisiyira kalipayi ndi mayi amene anandiphunzitsa ntchitoyi, namwino amene anagwira zaka zambiri ku wodi ya ana onyentchera asanapume pantchito. Iwo anazolowera katepi kamitundu koyezera mkono wa mwana, kamene kakasonyeza pofiira, kuchepera masentimita 11.5, ndiye kuti mwana ali pangozi. Za akuluakulu onenepa anaziphunzira atakula kale, koma manja awo anali odziwa. Poyamba sanandilole kugwira munthu. Ankandituma ku butchala kukagula nthuli ya nkhumba yokhala ndi chikopa, mafuta ndi mnofu pamodzi, n'kuiika pathebulo la kukhitchini kwawo. "Tsina, mwanawe. Tseka maso. Wagwira chiyani?" Ndikati mafuta, ankatenga mpeni n'kucheka pomwepo kuti tione ngati zala zanga zanena zoona. Tikamaliza nyamayo inkapita mumphika, ndipo mbale ndinkatsuka ndine. Sankatamanda munthu mayi amenewo. Ukachita bwino ankangoti, "Bwereza."

Malo otsina ndi anayi, monga anaikira akatswiri Durnin ndi Womersley ku Glasgow mu 1974: kutsogolo kwa mkono, kumbuyo kwa mkono, pansi pa fupa lakumbuyo kwa phewa, ndi pamwamba pa fupa la chiuno. Onse mbali ya kumanja. Atatu oyambawo aliyense wosamala akhoza kuwadziwa. Pachiuno ndi pamene pamaonekera mmisiri.

Choyamba fupalo uyenera kulipeza ndi chala, ndipo pa munthu wonenepa limabisala. Umakanikiza mpaka umve m'mphepete mwake, n'kuika kachizindikiro ndi cholembera. Kenako ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala umanyamula khungu ndi mafuta ake, kusiya mnofu pansi. Ukagwira pang'ono watenga khungu lokha, munthu aoneka wowonda. Ukazamitsa watengera mnofu, wamunamizira mafuta amene alibe. Ndikakayika ndimamuuza kasitomala alimbitse mimba: mnofu umathawa m'zala, mafuta amatsala. Kalipa imaluma sentimita imodzi kuchokera pa zala, zalazo osazichotsa, ndipo umawerenga pakatha masekondi awiri, chifukwa ukachedwa mafuta amaphwa, muvi n'kumatsikabe. Apa wina akuseka poti ukumugirigisha, wina wakoka mimba kuti ichepe, wina wadzola mafuta odzola thupi lonse khungu likungoterera. Amayi ambiri amabwera ndi mnzawo kapena amayezedwa ndi mtsikana amene ndikumuphunzitsa, ndipo n'zoyenera.

Zotsalazo ndi masamu: kuphatikiza mamilimita, kuona zaka za munthu, n'kusandutsa peresenti ndi fomula ya Siri. Foni imachita zimenezo. Matebulo a Durnin ndi Womersley anapangidwa poyeza azungu a ku Scotland, choncho ine ndimadalira kwambiri mamilimita enieniwo, ndi mmene akusinthira pa munthu yemweyo miyezi ikamapita.

Anthu amafunsa kuti kulemera kokha sikukwanira bwanji. BMI ya kuchipatala imangoona makilogalamu ndi msinkhu. Mnyamata wonyamula matumba a chimanga kumsika imatha kumuika m'gulu la onenepa ali minofu yokhayokha, bwana wa mu ofesi wa miyendo yowonda ndi kamimba kotsogola n'kumuuza kuti ali bwino. Chonsecho choopsa ndi kamimbako. Mafuta a m'kati mwa mimba, okuta chiwindi ndi matumbo, ndi amene amayenda limodzi ndi shuga, BP ndi matenda a mtima, ndipo amenewo kalipa siwafikira. N'chifukwa chake ndimamaliza ndi tepi ya telala, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno, munthu atatulutsa mpweya. Bungwe la WHO limati chiopsezo chimayamba kukwera mwamuna akapitirira masentimita 94, mkazi 80.

Ovuta kwenikweni ndi mabwana amene kumudzi amawayamikira kuti thupi labwera, zinthu zikuyenda. Tepi ikati 104 amafuna ndiyezenso atakoka mpweya. Ena ndi atsikana ofuna mafuta atheretu, osadziwa kuti thupi la mkazi limasunga mafuta ambiri kuposa la mwamuna mwachibadwa, ndipo akachepa kwambiri msambo umatha kusiya. Onsewa amafuna ndichotseko nambala, ndichotsekonso mtengo. Amene akufuna kuyezedwa abwere m'mawa, asanachite masewera, asanadzole, ndipo ndalama ikhale yokwana.