Nkhope ya achimwene ikuwerenga miyezi

Kwathu kwa Kaphuka munthu pakamwa pakangokhota, zifukwa sizisowa. Ena amati ndi chisanu cha ku Dedza kuno, ena amati sitiroko, ena amatsitsa mawu n'kunena kuti pali munthu. Zonsezi tinazimva pa achimwene anga, chikhalirecho mudzi wonse ukudziwa kuti anagwa ndi njinga yamoto ya kabaza mu June, atanyamula matumba a kachewere, mutu n'kumenya mwala kuseri kwa khutu lakumanja.

Mabala anapola, nkhope n'kutsala. Mbali yakumanja inangoti zii ngati si yawo. Tiyi ankatayikira pakona pa mlomo, nsima inkakanirira m'tsaya, diso silinkatseka ngakhale pogona. Munthu amene ankaseketsa siteji yonse anayamba kuseka atagwira pakamwa. Kenako anangosiya kusekako.

Atatitumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuchokera ku chipatala cha boma ku Dedza, dokotala wa makutu anatijambulira papepala. Mbali iliyonse ya nkhope ili ndi mtsempha wake, osati wa magazi koma wonyamula mauthenga kuchokera ku ubongo. Umadutsa m'kanjira kopanikizika mkati mwa fupa la khutu, n'kugawikana nthambi zisanu. Ukatupa, ukapanikizika kapena ukaduka, minofu ya nkhope imakhala ngati foni yopanda netiweki: yabwinobwino, koma palibe chikufika.

Anthu ambiri amene amangodzuka nkhope itagwa popanda ngozi amakhala ndi Bell's palsy, ndipo ochuluka amachira m'masabata kapena miyezi yochepa, makamaka akayamba mankhwala a prednisolone asanathe maola 72. Wa sitiroko nthawi zambiri amathabe kukweza nsidze zonse ziwiri, pomwe wa vuto la mtsemphawu chipumi chimafa mbali imodzi. Koma izi si zoyezana pakhomo ayi, onsewo ndi opita kuchipatala tsiku lomwelo. Khutu lotuluka mafinya zaka ndi zaka, lomwe kumudzi timangolitseka ndi thonje, nalonso limatha kuwononga mtsemphawu.

Dokotala anafunsa funso limodzi kawiri konse: nkhope inagwa pomwepo, kapena patapita masiku? Ikagwa mochedwa, kawirikawiri ndi kutupa chabe. Ikagwa pomwepo, mtsempha ukhoza kukhala kuti unaduka kapena fupa losweka laupana. Alamu anga anayankha mosakayika: "Pomwepo, adokotala. Ndinawaona ine."

Apa ndi pomwe panalowa nkhani ya opaleshoni. Mtsempha woduka amaulumikiza, ndipo pakakhala mpata amatenga kachidutswa ka mtsempha wa m'mwendo n'kuika ngati mlatho. Njira ina ndi kubwereka mtsempha wa mnofu wotafunira, moti poyamba munthu amaphunzira kumwetulira poluma mano. Koma mtsempha umamera pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi patsiku, ndipo minofu ya nkhope siidikira mpaka kalekale. Ikakhala miyezi 12 mpaka 18 osalandira uthenga imafota, ngakhale mutalumikiza bwino chotani siidzukanso. Zikafika apo pamafunika kusamutsa mnofu wina, wa m'mbali mwa mutu kapena wa m'ntchafu, ntchito yaikulu yofuna akatswiri amene ndi ochepa kwambiri kuno kwathu.

Ine manambala amenewo ndi amene amandisowetsa tulo. Kwathu kudikira timakuyesa nzeru, ndipo pa matenda ambiri a nkhope kudikirako kumapindula, n'chifukwa chake aliyense ali ndi nkhani ya wina amene anachira yekha. Amayi anandifunsa kuti: "Mwanangu, munthu akudya, akuyenda, mukufuna amung'ambirenji mutu?" Sindiwada. Ulendo uliwonse wa ku Lilongwe ndi thiransipoti ya anthu awiri, kuphatikiza tsiku lathunthu njinga itaima, ana akudikira ndiwo. Koma amayi sanaone makasitomala akudumpha achimwene n'kukwera ya wina chifukwa choganiza kuti aledzera.

Choyamba kupulumutsidwa linali diso, chifukwa diso losatseka limauma, kuchita zilonda, mpaka khungu. Anasoka zikope pang'ono chakukona, ndipo pano amathira mankhwala ndi kuvala magalasi akakhala panjinga. Za mtsempha tikamva mwezi wamawa, umene ukhale wachisanu chigwereni.

Pobwerera m'minibasi anakhala chete mpaka pa Nathenje. Kenako anati: "Iwe, akachotsa mtsempha wa m'mwendowo, magiya ndizisintha ndi chiyani?" Ndinawakumbutsa zomwe ananena dokotala, kuti mwendo umayenda bwinobwino, kumangotsala dzanzi m'mbali mwa phazi.

"Ndiye atenge wakumanja," anatero. "Wa buleki. Akabaza sitiugwiritsa ntchito kwambiri."

Kondakitala anaseka mpaka kuiwala kutipatsa chenji.