Kutentha kwa ku Tete sikusiya ndi tchaja yomwe

Munthu wochoka ku Ulongwe mbandakucha amanyamuka atavala juzi, ngakhale mwezi wa Okotobala. Kumtunda kuno nkokwera, pafupifupi mamita 1,300, ndipo ndi chifukwa chake kachewere ndi kabichi zimachita bwino. Koma galimoto ikangodutsa pa Mussacama nkulowa mumsewu waukulu wochokera ku Zóbuè, juzi ija imayamba kulemera. Msewu umangotsetsereka. Minda yobiriwira imatsala m'mbuyo, kutsogolo nkumaoneka milambe yopanda masamba, mbuzi zitabisala pansi pake. Pofika ku Moatize, kwa malasha kuja, mphepo yolowa pawindo imakhala ngati yochokera mu uvuni wa njerwa.

Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, malo osafika ngakhale mamita 200 kukwera kwake. M'miyezi ya Okotobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40 kawirikawiri. Masana anthu amasowa m'misewu. Amene amatsala padzuwa ndi okhawo amene ntchito yawo ili pa mateyala awiri.

Kumeneko nkumene anatsikira mnyamata wina wa kumtunda, njinga yake ya magetsi itamangidwa pamwamba pa matumba a kachewere. Njingayo anaigula ndi ndalama za ulimi wa zaka ziwiri, ndipo anabwera nayo kuti azinyamulira katundu wa amayi a mumsika. Kwawo inali isanamuvutepo. Tsiku lachitatu ali ku Matundo, tsidya lino la mlatho wa Samora Machel, anafika pa nyumba ya lendi dzuwa lili paliwombo, nalumikiza tchaja, ija ena amaitcha carregador. Kanyali kofiira kanayaka pang'ono, kenaka kanazima. Atayesanso kanayaka kobiriwira, ngati kuti batire ladzaza, chikhalirecho linali litatheratu.

Anaikankha njingayo mpaka kwa mkulu wina wokonza mawailesi ndi mafoni pansi pa mtengo. Mkuluyo sanafulumire kumasula kanthu. Anangogwira batire ndi kuseri kwa dzanja.

"Mwana wanga, wachokera kumtunda eti?"

"Eya bambo, ku Ulongwe. Kodi yapsa?"

"Siinapse. Yakana dala. Khala apa tidikire."

Nkhani yake ili motere. Batire la lithiamu, lomwe lili m'njinga zambiri zoterezi, siliyenera kutchajidwa likatentha kupitirira madigiri 45. M'kati mwake muli kabolodi kolondera, ndipo m'mabatire ambiri kakamva kutentha kotere kamatseka njira ya magetsi. Tsono tchaja ikaona kuti palibe chimene chikukoka moto, imayatsa kobiriwira. Taganizani batire lomwe lakoka matumba a makala pa tara wotentha kuyambira m'mawa, nkulilowetsa m'chipinda cha malata nthawi ya 1 koloko. Madigiri 45 limakhala litawadutsa kale. Mankhwala ake ndi kulisiya pamthunzi kwa ola limodzi. Osalithira madzi, osaliika m'firiji. Chinyezi chikalowa m'kati ndiye kuti mwaitana vuto lina lalikulu.

Tchaja nayo ili ndi malire ake. Imatentha yokha ikamagwira ntchito, ndipo zambiri zili ndi kafani kotulutsa mpweya. Mkulu uja atayang'ana m'timabowo anapeza fumbi la ku Tete litamatirira ngati phala. Analichotsa ndi kaburashi ka mano, ataizula kaye kumagetsi. Mnyamatayo anaulula kuti ankaitchajira m'chikwama, pamwamba pa matilesi, poopa akuba. Apa mkuluyo anapukusa mutu. Tchaja yofundikidwa imazima yokha kuti isapse, ndipo yotchipa yopanda chitetezo chimenecho imangopsa basi. Malo ake ndi pa simenti kapena pa njerwa ziwiri, pomwe mpweya ukudutsa.

Ola litatha analumikizanso. Kofiira kanayaka, kafani nkuyamba kulira. Komabe mkuluyo anatenga mita yake yoyezera magetsi, chifukwa kanyali kokha sikanena zonse. Batire lolembedwa 36V limafuna tchaja yotulutsa 42V, ndipo la lithiamu la 48V nthawi zambiri limafuna 54.6V. Manambalawa amalembedwa kuseri kwa tchaja. Mita ikaonetsa ziro, vuto lili mu tchaja kapena m'chingwe chake. Ikaonetsa bwino koma batire lozizira nkumakanabe, yang'anani fyuzi ndi polowetsera, chifukwa mabampu amamasula timawaya ndipo thukuta ndi fumbi zimadyetsa dzimbiri. Pulagi yosungunuka kapena yakuda m'mphepete ndi yotaya, osati yomanga ndi pulasitiki.

Pali chizolowezi china chomwe kumudzi timachiyesa ubale: kubwerekana tchaja. Pa njinga izi nchoopsa. Njinga zina zili ndi mabatire amtovu, ofanana ndi a galimoto, ndipo tchaja yake siyenerana ndi lithiamu ngakhale pulagi italowa bwinobwino. Chimodzimodzi kajenereta kamene moto wake umakwera ndi kutsika. Tchaja inapangidwira magetsi okhazikika a 220V ngati aja a EDM.

Asanamulole kupita, mkuluyo analitembenuza batire uku ndi uku kuona ngati latupa. Batire lotupa, lonunkha kapena lotentha lili chikhalire sililumikizidwanso. Moto wake umabuka mwadzidzidzi, utsi wake ndi wapoizoni, ndipo ukhoza kuyakanso utazimitsidwa. Pa chifukwa chimenechi silitchajidwa pakhomo potulukira, pansi pa denga la udzu, kapena anthu onse ali mtulo.

"Ndiye ndizitchaja nthawi yanji, bambo?"

"Dzuwa likalowa, iwe uli maso. Kapena tambala akalira. Likadzaza zula."

Mnyamatayo analipira kangachepe ka ntchito ya kaburashi ija. Madzulo amenewo anakhala pakhonde, njinga ili pambali pake, tchaja ili pa njerwa ziwiri. Kutsidya magetsi a mumzinda anali atayaka, magalimoto akuwoloka mlatho mondondozana, ndipo simenti ya pakhondepo inali ikadali yofunda mpaka 9 koloko usiku.