Nkhondo ya sitima inandipeza pa benchi

Ine nyanja ndinaiona kamodzi kokha, ku Senga Bay, tili ku sekondale. Madzi amene ndimawadziwa bwino ndi a Diamphwe basi. Koma wailesi ikangotchula za sitima zankhondo ndimasiya kasitomala ali chiimire, mpaka anzanga pa msika wa Mitundu anandipatsa dzina loti Kaputeni.

Chinandiyambitsa ndi mafuta ophikira. Mu Febuluwale 2022 Russia italowa ku Ukraine, sitima zake zinatseka madoko a pa Black Sea. Ine ndinangoti za azungu izo. Sindinkadziwa kuti Ukraine ndiye ankagulitsa kunja mafuta a mpendadzuwa ambiri kuposa dziko lina lililonse. Patapita masabata ochepa ndinapita m'tauni kukaoda nditanyamula ndalama ya zigubu zitatu, n'kubwerako ndi ziwiri. Ndinachepetsa muyeso wa m'timapepala. Mayi wina wokazinga mandasi, kasitomala wanga wa zaka, anakweza kapepala m'mwamba anthu akuona, amvekere, "Asisi, mwayamba kutibera?" Mawu aja amandiwawabe. Mu Meyi kwacha inagwanso, ndiye zinangothera pomwepo.

Mwina ena simudziwa kuti nyanja yathuyi inaonapo zoterezi. Mu Ogasiti 1914, Britain ndi Germany atayambana, sitima ya Angelezi yotchedwa Gwendolen inapita ku doko la Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kukaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann. Inaipeza ili pamtunda, ikukonzedwa. Akuti akaputeni awiriwo anali mabwenzi omwera limodzi, ndipo wa Chijeremaniyo anapalasa kabwato atakwiya kukafunsa mnzakeyo ngati waledzera. Munthuyo sankadziwa n'komwe kuti nkhondo yayamba! Anthu amaseka akamva nkhaniyi, koma ine ndimamumvera chisoni, chifukwa ndi mmene ndinalili tsiku lija m'tauni, ndalama zili m'chitenje.

Kumapeto kwa 2023 a Houthi a ku Yemen anayamba kuombera sitima za katundu pa Red Sea. America inatumiza zake zankhondo, ndipo makampani ambiri anayamba kuzungulira ku South Africa. Pano tikumva kuti China ili ndi sitima zankhondo zambiri kuposa America, ndipo akuyang'anizana pa nkhani ya Taiwan. Wopambana angakhale ndani, zimenezo akambe a ma digiri. Ine ndimangodziwa kuti feteleza ndi petulo zimatsikira ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo mapoto ndi mabatire ambiri a pa msika pathu ndi ochokera ku China.

Ndiye mwezi wathawu nditamva kuti kwavutanso, ndinati ulendo uno sindigona. Ndinatapa ndalama ya fizi ya mwana n'kuoda zigubu ziwiri zapadera. Mtengo sunasunthe. Zigubu zili kuseri kwa chitseko, mwana anabwezedwa kusukulu Lolemba, ndipo bambo ake sakundilankhula bwinobwino.